Mapiritsi Atatu a Teresa

Chaka chimenecho mvula inagwa kumapiri masiku asanu ndi anayi osaleka. Ku Makhanga kunali dzuwa lowotcha, koma madzi anafika okha kudzera mu Ruo, nadzaza madimba ndi njira zotsika.

Lachitatu m'mawa Hilario ankakankha njinga kuchokera ku chipatala chaching'ono cha pamalopo, Teresa atakhala pakaliyala. Sanaipalase chifukwa jakisoni amene Teresa anali atangobayidwa ankamuchititsa nseru akagwedezeka.

Anthu ankawayang'ana, poti nkhani yawo inali itatha kale mudzi. Hilario anali wa zaka makumi anayi, wokonza njanji. Mkazi wake Rosa anamwalira zaka zitatu m'mbuyomo osasiya mwana. Popeza ng'ombe zinali zitapita kale kuchikazi, makolo a Rosa anapereka mng'ono wake, Priska, kuti akalowe m'nyumba ya mkulu wakeyo. Hilario sanakane ndi pakamwa. Anangokhala osapita kukamutenga, chaka chinatha, china chinathanso. Kukana kwake kunali kumeneko.

Teresa nayenso anali ndi zake. Banja lake loyamba linatha ndi mimba imene inakula mofulumira koma munalibe mwana. Munatuluka tinthu ngati mazira a chule. Mwamuna anamubweza kwa amake ngati khasu lobwereka. Magazi atakana kuleka, a chipatala chachikulu ku Blantyre anapeza kuti zotsalira za mimba ija zasanduka khansa. Anati imachizika. Anamupatsa mankhwala kuti azikabayitsa kumudzi, kwa a Anderson, adokotala a pa Makhanga, tsiku lina jakisoni, tsiku linalo piritsi, mpaka masiku asanu ndi atatu, kenako kupuma.

Teresa anamufotokozera Hilario kamodzi kokha mmene dokotala wamkulu wa ku Blantyre ananenera. Jakisoniyo ali ngati moto wa lupsa. Amalowa mpaka m'kati mwa timaselo, tinthu tosaoneka ndi maso timene timamanga thupi, n'kukawononga pamene pamayambira kuswana kwake. Koma moto sudziwa kuti uwu ndi udzu, awa ndi mapira. N'chifukwa chake mawa lake, nthawi yomweyo, pamafunika piritsi lokapulumutsa timaselo tabwino ta m'kamwa, m'matumbo ndi m'magazi tisanapse. Hilario atamva zimenezo anavula wotchi yake ya kunjanji n'kumumanga Teresa pamkono.

Tsopano ali panjira, Teresa anayamba kukamba za madzi osefukira, kenako za mapira a amake amene anamira, ndipo Hilario ankangovomera ndi mutu.

"A Hilario, simundifunsa kanthu masiku onsewa."

"Ndifunse chiyani?"

"Munthu amene akufuna kutuma ankhoswe amakhala ndi mafunso."

"Ndinaona kale."

Teresa anapuma mokweza. Anati ngakhale ng'ona imatsegulako pakamwa ikamaothera dzuwa. Hilario anamwetulira poganiza kuti ndi nthabwala. Atafika pakhomo pa amake, Teresa anatsika yekha, osagwira dzanja limene Hilario anamutambasulira.

* * *

Asanafike kwake, mkazi wa Paison anamuimitsa n'kumuuza kuti achimwene ake akumufuna, ndipo asayambe wapita kwina.

Paison ndiye anali mkulu wa banja chimwalirireni bambo awo. Anali msodzi, nyumba yake inali kumapeto kwa mudzi, ndipo madzi anali atafika pafupi ndi khola la mbuzi. Hilario anamupeza pansi pa mtengo wa masawu akusoka ukonde. Pamphasa panali Priska, atavala nsalu ya chipani, poti anali mlembi wa amayi panthambi yawo. Pakati pawo, pamtondo wovundikira, panali kabotolo kabulauni. Hilario anakazindikira asanakhale pansi.

Priska anafotokoza modekha, ngati akuwerenga zokambirana za msonkhano. Anati dzulo lake amayi akuyeserera magule pasukulu, anaona Teresa akuyang'ana wotchi, n'kupatuka kuseri kwa kalasi kukameza kanthu. Sabata ziwiri m'mbuyomo anaonanso zomwezo. Ndiye m'mawa umenewo, Teresa ali kuchipatala, anapita kwa amake ngati akukaona ngati nsalu ya chipani anaichapa, ndipo anapeza kabotoloko m'dengu.

"Wodwala amameza mankhwala akamva kupweteka, alamu. Omeza moyang'ana wotchi ndi aja a akazi a m'tauni, otseka mimba. Ine ndinawamva kwa amene anakhalako ku Limbe."

Masiku amenewo mankhwala otere sankatchulidwa pagulu. Mkazi wopezeka nawo ankaitanidwa kunthambi, ndipo dzina lake silinkayeranso.

Paison anaika singano pansi. Anakumbutsa Hilario kuti iye ali ndi ana aakazi asanu, onse adzapita kukabereka kwa eni ake. Dzina la bambo awo latsala pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo wasiya mkazi amene anapatsidwa mwaulemu, akukankha panjinga mkazi wobwezedwa amene akudzitseka yekha.

"Ndi a matenda, achimwene."

"Matenda anji?"

Hilario anayang'ana pansi. Teresa anamupempha kalekale kuti dzina la matendawo lisatuluke, poti anthu akamva kuti ali m'chiberekero adzamuika m'manda akuyenda. Anayesa njira ina. Anayamba kunena za moto, kuti ukalowa m'munda susankha, kuti pamafunika wina woutchinga. Mawu amene Teresa anawayala bwino aja, kwa iye anatuluka opanda mutu.

Priska anabisa pakamwa ndi nsalu. Anati alamu ayamba miyambi lero, mwina mvula ibweranso.

"Ndakufunsa dzina la matenda," anatero Paison.

Hilario anadzuka, nawerama, natambasula manja onse awiri monga amachitira mng'ono popempha kwa mkulu wake. Anali ndi mphamvu zoposa Paison. Akanatha kungotola kabotoloko pamtondo n'kumapita, ndipo maganizo amenewo anamufikira. Koma chibadwireni anali asanatolepo kanthu pamaso pa mkulu wake osapatsidwa.

Paison anatola kabotoloko, napita kumene madzi analekeza, natsegula, nakhuthula. Mapiritsi atatu oyera anayandama pang'ono pakati pa zinyalala za mapira. Hilario analowa m'madzimo ndi nsapato, natapa ndi zikhatho. Anangotsala ndi tope loyera pang'ono pakati pa zala.

* * *

A Anderson anamvetsera nkhani yonse ali chilili, kenako anavula magalasi n'kupukuta kumaso. Anali munthu wa kumtunda amene anakhala kuchigwa zaka khumi, ndipo akakwiya ankayankhula motsitsa kwambiri.

Anatsegula kabati kuti Hilario adzionere yekha. Munali aspirini, mankhwala a malungo ndi a mphere. Anati mapiritsi aja sapezeka m'zipatala zazing'ono, anachokera ku Blantyre atawerengedwa limodzilimodzi. Majakisoni awiri otsalawo angathe kuwaimitsa, ngakhale kutero n'kupatsa matenda mpata wopuma. Vuto linali jakisoni wa m'mawa uja, amene anali kale m'thupi.

"Ameneyo sindingamutulutse, bambo. Akugwira ntchito pano tikuyankhula pano. Piritsi limafunika mawa teni koloko. Likachedwa, lisapitirire mawa dzuwa litalowa."

Hilario anafunsa chimene chingachitike likapitirira. A Anderson anati ena amangotuluka zilonda m'kamwa mpaka kulephera kumeza madzi. Koma Teresa anali wofooka kale, aka kanali kachitatu kulandira mankhwalawo, ndipo magazi ake akagwa, ngakhale chifuwa wamba chingathe kumutenga. Anati sakufuna kuyesa kuti aone kuti Teresa ali m'gulu liti.

Sitima inali isanabwere masiku awiri, madzi atadula njanji chakumtunda, ndipo Hilario ankadziwa zimenezo kuposa aliyense. Njira inatsala imodzi, kutsika ndi bwato mpaka ku Chiromo, kuwoloka, kukakwera basi yamadzulo ku Bangula. A Anderson anakhala pansi n'kulemba kalata ya Chingerezi yodzaza tsamba lonse, naipinda, naika m'envulopu yakale imene guluu wake anali atauma. Anamuuza kuti akapereke kwa dokotala wamkulu wa amayi, osati kwa wina. Anamufunsa ngati khadi ya chipani ali nayo m'thumba, kuopa kukatsitsidwa m'basi. Anati Teresa azimwa madzi owiritsa ambiri, mpaka atope nawo.

Hilario ali pakhomo, a Anderson anawonjezera kuti iwo apita okha kukawaona a Paison, akawauze chimene ataya.

* * *

Teresa anali atadziwa kale kuti kabotolo kasowa. Dengu linali pakhonde, zovala zili mbwee, amake atakhala pakona akudziimba mlandu kuti analola mlendo kulowa m'nyumba. Hilario anafotokoza mwachidule. Teresa anamvetsera mpaka pamene mapiritsi anagwera m'madzi.

"Inu munali pomwepo?"

"Ndinalipo."

"Manja muli nawo?"

Hilario anayang'ana manja akewo. Anati akupita ku Blantyre, abwera mawa.

Teresa anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Anati zimenezo ndiye amazitha, kuyenda, kunyamula, kukankha njinga. Atamutuma kukatenga mwala ku Mulanje angapite osafunsa kuti ndi wa chiyani. Koma mawu atatu okha oti awa ndi anga, amenewo anamukanika. Hilario anati dzina la matenda analisunga monga anapemphedwera. Teresa anati inde, analisunga bwino, mpaka lamudya mwini wake.

Anapempha amake kuti akaone madzi amene anali pamoto kuseri. Atachoka, Teresa analowa m'nyumba, natuluka ndi kachitini ka mafuta odzola, nakatsegula pamaso pa Hilario. Munali timapepala tonyezimira, tili ndi timapiritsi ting'onoting'ono m'mizere.

"Awa ndi amene Priska ankafuna. Anangotola botolo lolakwika."

Hilario sanagwire. Teresa anafotokoza maso ali pachitini. Dokotala anati akamaliza mankhwala asatenge mimba chaka chathunthu. Magazi amene amamuyeza mwezi ndi mwezi sasiyanitsa mimba ndi matenda obwerera, ndiye akaima, sadzadziwa ngati khansa yadzuka mpaka itafika m'mapapo. Komanso thupi limafuna nthawi kuti poizoni wa jakisoni achoke, mwana asadzakumane naye. Atamva kuti pali mwamuna amene akufuna kumukwatira, dokotalayo anatseka chitseko n'kumupatsa amenewo, kuti adzayambe tsiku lolowa m'banja. Sanamezepo ngakhale limodzi.

"Chaka," anatero Hilario.

"Chaka. Mwina n'kupitirira. Mwinanso osabereka n'komwe, sanandilonjeze."

"Bwanji simunandiuze?"

"Bwanji simunandifunse? Ndakhala ndikukutsegulirani chitseko mwezi wonse. M'mawa uno ndakutsegulirani. Mumangoti ndinaona kale. Munaona chiyani?"

Hilario anafuna kunena kuti chaka si kanthu, kuti zaka zitatu anakhala yekha m'nyumba ndipo sanafe. Anafunanso kunena kuti zamupweteka, poti ana amawafuna, ndipo kangapo ali panjanji ankaganiza za mwana wamwamuna wa maso ngati a Teresa. Zonse ziwiri zinali zoona, koma sanatulutse ngakhale chimodzi.

Teresa anadikira. Nkhuku inadutsa pakati pawo. Kenako anatseka chitini chija.

"Ngati mukupita ku Blantyre chifukwa cha chisoni, pitani, moyo ndikuufuna. Koma mukabwera mudzandiyankhe ndi pakamwa. Njinga yatopa kukuyankhulirani."

"Muzimwa madzi ambiri," anatero Hilario. "Atero adokotala."

Teresa analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

* * *

Padooko panali amuna ambiri koma mabwato onse anali atakokeredwa kumtunda. Madzi anali ofiira, akuthamanga ndi mitengo ya nthochi, mabango ndi denga la nkhokwe ya munthu wina. Hilario anayenda kwa mwini bwato aliyense. Woyamba anati mkono ukumupweteka. Wachiwiri anangokana kuti nkhabe, napitiriza kusuta. Wachitatu, Lorenso, amene anakulira naye limodzi, anamuuza zoona. Anati kutsika n'kosavuta, koma pamene Ruo amagundana ndi Shire madzi akuzungulira ngati mumphika, ndipo pa Makhanga ponse munthu amene amadziwa podutsa nthawi ngati imeneyi ndi mmodzi. Sanafunike kumutchula.

Dzuwa linali litapendeka. Basi ya ku Bangula sinkadikira munthu.

Paison anatulukira atanyamula nkhafi paphewa. A Anderson anali atamupeza, zinkaonekera pankhope. Sanapepese. Anaika nkhafi mumwadiya, bwato lake lalikulu, nayang'ana mtsinje, nayang'ana mng'ono wake. Anati adokotala amuuza kuti mapiritsi aja anali ozimitsa ukali wa jakisoni, ndipo iye si mfiti kuti aphe mwana wa eni ake. Amuwolotsa. Koma iye atawafunsa adokotalawo ngati mkaziyo adzabereke, anayankha kuti zimenezo si zawo kunena, ndipo yankho limenelo silinamukomere.

Anakweza mawu kuti amuna onse padooko amve.

"Undilumbirire pa manda a bambo athu kuti mkazi ameneyu alibe mankhwala otseka mimba, ndipo sadzameza otero m'nyumba yako. Ukatero ndikuwolotsa, ndipo ankhoswe ndikatuma ndine."

Akanamufunsa m'mawa, Hilario akanalumbira ndi mtima woyera. Tsopano chitini chija chinali m'maso mwake. Anthu a ku Makhanga ankamudziwa kuti sayankhula, koma ankadziwanso kuti chimene wanena ndi chomwecho. Pamilandu ya malire a madimba ankamuitana kuti akangoti inde kapena ayi, nkhani n'kutha. Chuma china analibe.

Anayang'ana amuna aja mmodzimmodzi, ngati wina angadzuke n'kuti tiye ndikuyese ine. Lorenso anayang'ana kumbali.

"Ndikudikira," anatero Paison. "Madzi sakudikira."

"Ndalumbira."

"Pa chiyani?"

"Pa manda a bambo."

Paison anavomera ndi mutu, nakankhira mwadiya m'madzi. Hilario analowa, nakhala pakati.

Asanachoke, kunamveka mawu a mkazi akuti adikire. Priska ankatsika chitunda atanyamula kachikwama, nsapato zili m'manja. Anati amayi apampando amutuma kuti aperekeze, poti nkhani inayambira kwa iye ndipo nthambi ikufuna kumva mapeto ake. Ngati analakwa, akagwada pamaso pa Teresa anthu akuona. Anawonjezera kuti alamu Chingerezi sachimva, ndipo m'chipatala chachikulu munthu wosayankhula amatha tsiku lonse pabenchi.

Paison anati zimenezo n'zanzeru. Hilario anagwira m'mphepete mwa mwadiya kuti usagwedezeke, Priska nalowa, nakhala moyang'anana naye, mawondo awo atatsala pang'ono kugundana.

Atangolowa mumkokomo wa madzi, funde loyamba linamenya m'mbali n'kuwathira onse awiri. Hilario anaphimba thumba la malaya ndi chikhatho. Ngodya ya envulopu inali itanyowa kale, inki ikuyamba kuyenderera. Sankadziwa zimene a Anderson analemba tsamba lonse lija, kaya ndi za mapiritsi atatu okha, kaya ndi zonse.

Priska anatsegula chikwama, natulutsa pepala la pulasitiki mmene ankasungira buku la nthambi.

"Bweretsani kalatayo, alamu. Ikafika yosawerengeka, akakupatsani chiyani?"

"Mpatse," anatero Paison kumbuyo, maso ali pamadzi. "Kutsogoloku ndiye tinyowa zenizeni."

Funde lachiwiri linali likubwera. Hilario anatulutsa envulopu yosamata ija n'kuiika m'dzanja la Priska.